Kamzere ka inki m'nsapato kangapulumutse phazi la mwana

M'nyengo ya mvula yapitayi, mayi wina wa kwa Likoswe m'boma la Chiradzulu adafika kuchipatala komwe ndimagwira ntchito atabereka mwana wa miyezi isanu. M'manja adali ndi jumbo, ndipo m'jumbomo mudali tinsapato tiwiri tachikopa tolumikizidwa ndi kachitsulo. Mwanayu adabadwa ndi mapazi opindika, ndipo tidali titamuwongola kale ndi zikhakha. Tinsapatoto timayenera kukhala kumapazi kwake usana ndi usiku, osati m'jumbo.

Mayiyo adafotokoza kuti mwana ankalira usiku wonse, kenako kuchidendene kudatuluka thuza, choncho adaleka kumuveka kuti thuzalo lipole. Padali patatha masabata atatu. Nditagwira phazi lakumanzere ndidapeza layamba kuuma komanso kubwerera m'kati.

Nditasuzumira m'nsapatomo ndidaona pomwe vuto lidayambira. Kamzere komwe tidajambula tsiku lomupatsa nsapatozo kadali katafufutikiratu. Mayiyu ndi waukhondo, ankapukuta nsapatozo ndi sopo, nthawi zina ndi sipiriti. Kulakwa kudali kwanga: ndidajambula kamzereko ndi bolopeni, mothamanga, ndipo sindidamuuze ntchito yake ngakhale kasamalidwe kake.

Lero tikambirane za chinthu chooneka chaching'onochi: momwe inki imakhalira pachikopa, chomwe chimaifufuta, ndi momwe tingaitetezere popanda kuvulaza mwana. Nkhaniyi ikukhudzanso kholo lililonse lomwe limalemba dzina la mwana pansapato za kusukulu.

Mapazi opindika amachizika

Mwa ana 1,000 aliwonse obadwa, pafupifupi mmodzi amabadwa ndi phazi lopindikira m'kati ndi pansi, lina kapena onse awiri. Si ufiti, si tsoka, ndipo si chifukwa cha zomwe mayi adadya ali woyembekezera.

Njira yomwe timagwiritsa ntchito idayambitsidwa ndi Ignacio Ponseti, dokotala wobadwira ku Spain yemwe ankagwira ntchito ku Iowa m'dziko la America. Phazi timaliwongola pang'onopang'ono ndi manja n'kulimanga chikhakha, ndipo chikhakhacho timasintha sabata iliyonse, kawirikawiri kasanu mpaka kasanu ndi katatu. Ana ambiri amafunikanso kuwadula pang'ono mtsempha wa kuchidendene, kenako n'kuvala chikhakha chomaliza masabata atatu.

Kuno kwathu ntchitoyi yaikulu imagwiridwa ndi ma clinical officer a mafupa, omwe maphunziro awo adayambitsidwa ku Blantyre mu 1985 ndi dokotala wa ku Canada, Edward Blair. Kafukufuku yemwe adachitika ku Blantyre komweko n'kusindikizidwa mu 2005 adaonetsa kuti ma clinical officer amawongola bwino mapazi ndi njira ya Ponseti. Chipatala cha Beit CURE, chomwe chidatsegulidwa mumzindawu mu 2002, chimathandizanso ana ambiri otere.

Komatu chikhakha chikachoka, ntchito imatsalira kholo. Phazi la mwana limakula msanga ndipo limafuna kubwerera momwe lidalili. Chomwe chimaligwira ndi nsapato za kachitsulo zija. Mwana amazivala maola 23 patsiku kwa miyezi itatu, kenako usiku ndi nthawi yogona masana mpaka atakwana zaka 4 kapena 5. Mtundu wa nsapatozi womwe udafala mu Africa muno udapangidwa ku Uganda ndi katswiri wa mafizo wa ku Netherlands, Michiel Steenbeek, kuti uzitheka kusokedwa ndi chikopa komanso chitsulo chopezeka konkuno. Chifukwa chachikulu chomwe phazi limabwererera ndi kusavala nsapatozi mokwanira.

Ntchito ya kamzere

Nsapatozi n'zotsegula kutsogolo kuti zala zizioneka. Zimagwira ntchito pokhapokha chidendene chikakhazikika pansi penipeni. Chidendene chikakwera, phazi limasereka m'nsapatomo, khungu limakhudzana ndi chikopa mpaka kutuluka matuza, ndipo kachitsulo kaja sikagwiranso phazi momwe kayenera kuligwirira.

Kholo silingaone chidendene mosavuta chikakhala m'sokosi ndi m'nsapato. Nsapato zina zili ndi kabowo kumbuyo kosuzumirapo, koma usiku ndi nyali ya tochi sikaoneka bwino. N'chifukwa chake tsiku lopereka nsapato, chidendene chitakhazikika, timajambula kamzere pachikopa chopondapo phazi, pomwe pathera zala. Mukamuveka mwana zala n'kufika pakamzereko kapena kupitirira pang'ono, ndiye kuti zili bwino. Zala zikabwerera kumbuyo kwa kamzereko, chidendene chakwera: masulani n'kuyambiranso.

Pali chizindikiro china chomwe makolo amakonda kuika okha koma sichithandiza. Nsapato zina zimamangidwa ndi kalamba ka mabowo, ndiye kholo limachonga bowo lomwe adokotala adamangapo. Chikopa chimatamuka chikamagwira ntchito, choncho pakatha masabata angapo bowo lomwelo limakhala lokhwepa. Musadalire bowo, dalirani zala ndi kamzere.

N'chifukwa chiyani inki imafufutika pachikopa?

Chikopa ndi khungu la nyama lomwe lafufutidwa kuti lisaole. M'kati mwake muli timinofu tolukanalukana tokhala ndi timipata, ndipo mbali yokhakhala ija imamwa inki ngati momwe nsalu imamwera madzi. Koma mbali yosalala, yakunja kwa nsapato, imakhala itapakidwa utoto ndi zokutira kufakitale, ndipo kunyumba timawonjezerapo polishi. Pamenepo inki siilowa, imangokhala pamwamba. Nsapato zambiri zooneka ngati zachikopa, za m'sitolo ngakhale za pakaunjika ku Limbe, kwenikweni n'zansalu yokutidwa ndi pulasitiki, ndipo izi ndiye sizimwa inki n'komwe.

Inki ili ndi zinthu zitatu: utoto, madzi osungunulira utotowo, ndi kamata kogwirizira utoto pamalo omwe mwalembapo. Mu bolopeni inki ndi yamafutamafuta, yopangidwira pepala. Pachikopa imachedwa kuuma ndipo imapakazika. M'cholembera cha inki yosafufutika, chomwe ambiri timachitcha maka, utoto umasungunulidwa mu mowa wa mtundu wa sipiriti. Mowawo umauluka m'mphindi zochepa n'kusiya utoto utamatika. N'chifukwa chake madzi wamba salimbana naye maka.

Apa ndi pomwe pali chinsinsi. Chomwe chidasungunula utoto kufakitale chikhoza kuusungunulanso kunyumba. Sipiriti, sanitaiza wa m'manja, pefyumu ndi mankhwala ochotsera penti wa m'zikhadabo zimafufuta maka nthawi yomweyo. Polishi wa nsapato ndi phula losakanizidwa ndi mafuta osungunulira, choncho amapakaza inki kenako n'kuikwirira. Mafuta odzola monga Vaseline amafewetsa inki ya bolopeni. Kuwonjezera apo pali thukuta, kukhuzika kwa sokosi tsiku ndi tsiku, komanso dzuwa lomwe limasulukitsa utoto.

Kusamala kamzere ka m'nsapato za khanda

M'nsapato za khanda lamulo loyamba ndi lakuti pomwe phazi likuponda pasakhale chotumphuka chilichonse. Musamatepo selotepi, pulasitala, guluu kapena penti wa m'zikhadabo pofuna kuteteza kamzere. Zinthuzi zikauma zimang'aluka kapena kupindika m'mphepete, ndipo khungu la khanda silichedwa kuchita chilonda. Mmalo mwake chitani izi.

Pemphani azachipatala ajambule kamzereko ndi maka, ndipo akapitirize mpaka m'mphepete mwa soli, chakunja, pomwe phazi silikhudza. Kachizindikiro kakunjako ndi komwe mungakateteze: kakauma, pakanipo phula la njuchi kapena la kandulo lozizira, pang'ono chabe, n'kusalaza ndi kansalu. Kam'kati kakamazilala, kakunja kadzakukumbutsani pomwe kadali.

Kamodzi pasabata, pa ola lija lomwe mwana wavula nsapato kuti asambe, yang'anani kamzere kam'kati. Ngati kayamba kuzilala, dutsitsanipo maka pomwepo kasanatheretu. Dikirani mphindi 15 kuti paume ndipo fungo lithe, kenako muvekeni mwana masokosi athonje musanamuveke nsapato.

Popukuta nsapato gwiritsani ntchito kansalu konyowa pang'ono ndi madzi okha, ndipo muzilambalala pakamzerepo. Zikanyowa ndi mkodzo, pukutani n'kuika mapepala a nyuzi m'katimo kuti amwe chinyezi. Musaziyandikize ku mbaula, chikopa chimauma gwa n'kuyamba kupweteka mwana.

Ngati muli ndi foni ya kamera, jambulani mapazi a mwana ali m'nsapato tsiku loyamba. Ngati mulibe, pemphani alembe m'buku lake la kuchipatala kutalika kwa kuchokera kumapeto kwa nsapato kufika pakamzere.

Kamzere kakafufutikiratu, musakajambule mongoganizira. Pitani kuchipatala, ngakhale tsiku lomwe adakupatsani lisanakwane. Kumbukiraninso kuti mwana akamakula zala zimapitirira kamzere. Zimenezo si vuto, tidzajambula kena, ndipo zala zikatulukiratu kunja kwa soli tidzamupatsa nsapato zokulirapo.

Dzina la pansapato za kusukulu

Kholo lililonse likudziwa mtengo wa nsapato za kusukulu masiku ano. Ana amavula nsapato posewera mpira, pokolopa m'kalasi, powoloka mtsinje, ndipo nsapato zakuda zonse zimafanana. Kusukulu zogonera konko ndiye zimasowa kawirikawiri. Nsapato zikasowa pakati pa teremu, mabanja ambiri sagulanso zina mpaka atakolola.

Kwa ife azaumoyo, mwana woyenda wopanda nsapato ali pachiopsezo. Pali mtundu wa njoka za m'mimba zomwe tiana take timakhala m'dothi lonyowa momwe mudagwera chimbudzi cha munthu. Timaboola khungu la kumapazi, n'kuyenda m'magazi mpaka kukakhazikika m'matumbo komwe timayamwa magazi. Mwana amachepa magazi, amafooka, ndipo m'kalasi amangosinza. Matekenya nawo amakhala m'fumbi n'kulowa m'zala za kumapazi. Minga, misomali ndi magalasi osweka zimabweretsa zilonda zomwe kafumbata angalowerepo. Dzina lolembedwa bwino pansapato ndi njira imodzi yotchipa yoonetsetsa kuti nsapatozo zabwerera kwa mwini wake.

Choyamba sankhani malo. Pansi pa chidendene m'kati mwa nsapato, pomwe ambiri timalemba, ndi malo oipitsitsa chifukwa thukuta ndi kukhuzika zimakumana pomwepo. Malo abwino ndi kuseri kwa lilime la nsapato, komwe chikopa chimakhala chokhakhala ndipo chimamwa inki, kapena m'kati cham'mbali. Malo ena ndi kunsi kwa soli, pokumbika paja pakati pa chidendene ndi kutsogolo, pomwe sipagunda pansi.

Chachiwiri, yeretsani malowo musanalembe. Ngati pali polishi kapena mafuta, pukutani ndi kathonje konyowetsa sipiriti pang'ono, n'kudikira paume. Sipiriti ndi wabwino musanalembe, ndi mdani mukalemba.

Chachitatu, lembani ndi maka, zilembo zikuluzikulu zotalikirana, chifukwa pachikopa chokhakhala inki imafalikira pang'ono. Pamalo akuda gwiritsani ntchito maka wa penti woyera kapena wasiliva. Utoto wake ndi wa tinthu tolimba tosasungunuka, choncho suchedwa kuoneka komanso susuluka msanga padzuwa. Lembani nsapato zonse ziwiri.

Chachinayi, dekhani. Pamwamba inki imaoneka youma m'mphindi zochepa, koma yomwe yalowa m'chikopa imafuna nthawi. Lembani Lachisanu madzulo, mukute Loweruka madzulo, mwana adzavale Lolemba.

Chachisanu, kutani. Chokutira chabwino kwambiri ndi vanishi wa chikopa wosungunulidwa m'madzi, yemwe osoka nsapato ndi zikwama ena amakhala naye. Popeza mulibe mowa, sasungunula maka, ndipo akauma amapindika limodzi ndi chikopa. Ngati simunamupeze, tengani guluu woyera wa akalipentala, msakanizeni ndi timadzi pang'ono. Akauma amaoneka mbee ngati galasi, kungoti akanyowa kwambiri amafewa, choncho ndi woyenera kuseri kwa lilime osati kunsi kwa soli. Phula la njuchi kapena la kandulo nalonso limathandiza kuti madzi asafike pa inki.

Pokuta musakhuze uku ndi uku. Nyowetsani kansalu n'kumangodinda pamwamba pa zilembo. Kukuta kawiri mopyapyala, mutadikira koyamba kuti kuume, kumaposa kukuta kamodzi mochindikala. Yambani mwayesa pamalo obisika kuti muone ngati inki siipakazika.

Ambiri amafunsa za penti wa m'zikhadabo wosaoneka mtundu. Ameneyu ali ndi mankhwala osungunula maka, choncho burashi ikadutsa kawiri dzina limasanduka chimtambo. Komanso akauma amalimba, ndipo pamalo opindikapindika amasweka. Angathandize kunsi kwa soli kokha, mutadutsitsa kamodzi mopepuka.

Njira yokhalitsa kuposa zonse ilibe inki n'komwe. Wosoka nsapato wa pamsika akhoza kusokerera zilembo ziwiri zoyamba za dzina la mwana palilime la nsapato ndi ulusi wa mtundu wowala. Ulusi suopa thukuta, sipiriti kapena polishi.

Zoti mupewe

Khungu si khoma, zinthu zina zimalowa. Mu 1886 dokotala wina ku London, W. Rayner, adalemba mu British Medical Journal za makanda omwe adasanduka obiriwira milomo ndi khungu chifukwa cha inki yomwe idadindidwa pamatewera awo ngati chizindikiro, matewerawo n'kuvekedwa asanachapidwe. Inkiyo idali ndi mankhwala otchedwa aniline. Patapita zaka, madokotala adaonanso zofanana mwa anthu omwe adavala nsapato zongopakidwa kumene utoto wokhala ndi aniline kapena nitrobenzene. Mankhwalawa akalowa m'thupi amasintha chitsulo cha m'magazi chomwe chimanyamula mpweya wabwino, ndipo magazi amalephera kufikitsa mpweyawo m'thupi. Makanda ndiwo amakhudzidwa msanga.

Kamzere ka maka wa masiku ano kouma bwino si koopsa motere. Phunziro lake ndi lakuti utoto wodetsera nsapato wogulitsidwa m'kabotolo kopanda chizindikiro usayandikire nsapato za khanda, ndipo nsapato iliyonse yopakidwa utoto isavalidwe isanaumitsitse ndi kutha fungo. Mwana akaoneka wotuwa kapena wobiriwira milomo, akupuma movutika atavala nsapato zongopakidwa kumene, muvuleni, musambitseni mapazi ndi sopo, ndipo thamangirani naye kuchipatala mutatenga botolo la utotowo.

Petulo, thina ndi palafini musazigwiritse ntchito pochotsa polishi kapena dzina lakale. Zimaumitsa chikopa, zimawotcha khungu, ndipo zimayaka. Choopsa kwambiri n'chakuti timazisunga m'mabotolo a zakumwa, ndipo ana aang'ono amamwa poyesa madzi. Zikachitika, musamusanzitse mwana ndipo musamukakamize kumwa mkaka kapena mafuta. Palafini amapha akalowa m'mapapo, ndipo kusanza ndi komwe kumamulowetsako. Muvuleni zovala zomwe zanyowa n'kupita naye kuchipatala msanga.

Guluu wa fungo lamphamvu wa osoka nsapato ndi vanishi wopopera muzigwiritsa ntchito panja, kutali ndi moto, ana ali patali.

Pomaliza, zikopa zambiri zimafufutidwa ndi mankhwala a chromium, ndipo anthu ena khungu lawo siligwirizana nawo. Mukaona zidzolo zoyabwa pamwamba pa mapazi onse awiri, motsatira momwe nsapato yakhudzira, bwerani tione. Masokosi ouma amachepetsa vutoli.

Kwa alangizi a zaumoyo ndi mavolontiya

Mukamayendera mabanja kapena kusikelo, mwana wa nsapato za kachitsulo musamangofunsa ngati akuvala. Pemphani mayi kapena bambo amuveke inu mukuona. Onani ngati kamzere kakuoneka, ngati zala zikufikapo, ndiponso ngati kuchidendene ndi pamwamba pa phazi kulibe pofiira pomwe sipakuzilala nsapato zikavulidwa. Yang'ananinso nsapatozo: zomwe zikuvalidwa tsiku ndi tsiku zimaoneka, zimafewa ndi kuda m'kati. Zikakhala zatsopano mbee patatha miyezi iwiri, chezani ndi banjalo mofatsa, osati mokalipa. Kawirikawiri pamakhala chifukwa: mwana akulira, agogo akumumvera chisoni, kapena anthu akuseka.

Masiku awiri kapena atatu oyamba ana ambiri amalira chifukwa sanazolowere kuponya miyendo yonse pamodzi, ndipo zimatha. Koma thuza, chilonda, zala zotupa kapena phazi lomangotuluka m'nsapato ndi zifukwa zobwerera kuchipatala sabata yomweyo, osati kusunga nsapato m'jumbo. Ndipo mukapeza khanda lobadwa ndi phazi lopindika m'mudzi, litumizeni msanga kuchipatala chomwe muli nacho pafupi, kaya ku Nguludi kapena kuchipatala cha boma cha Chiradzulu, kuti akalilozere komwe lingathandizidwe. M'mera mpoyamba: phazi la khanda la masabata ochepa ndi lofewa ndipo siliwuma mutu kuwongoka.

Mwana wa kwa Likoswe uja tidamubwezera m'chikhakha masabata atatu, phazi lidawongokanso, ndipo thuza lidapola. Tsiku lomubwezera nsapato ndidajambula kamzere ndi maka, m'kati ndi m'mphepete, kenako ndidapempha mayi ake amuveke okha katatu ine ndikuyang'ana. Ulendo wachiwiri zala zidabwerera kumbuyo kwa kamzere, ndipo adaona okha ine ndisanayankhule, n'kumasula zingwe. Panopa mwanayo akuvala nsapatozo usiku wokha. Kwatsala zaka zoposa zitatu, ndipo maka uja amayenda naye m'thumba limodzi ndi buku la kusikelo.